Amene amayesa makamera ojambula Kafue kuchokera kumwamba

Pa 18 Febuluwale 2025 khoma la damu losungira zotsalira za mumgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi, omwe malipoti oyamba anati anali malita pafupifupi 50 miliyoni, anakhuthukira mumtsinje wa Mwambashi, ndipo Mwambashi anawatsitsira mu Kafue. Nsomba zinayandama zitafa, mbewu za m'madimba zinapserera, kampani ya Nkana Water inatseka madzi a m'mipopi mu Kitwe, ndipo ndege za asilikali zinkawaza laimu mumtsinje kuti asidi achepe ukali. Anthu a ku Ipusukilo, komboni yomwe ili m'mbali mwa Kafue, ngoziyo inawadutsa pakhomo.

Zotere zikachitika, pamabwera mafunso ofuna umboni. Madzi oipawo anafika pati? Mtsinje unkaoneka bwanji sabata imodzi ngozi isanachitike? Masiku ano pamisonkhano yokambirana za migodi, kusefukira kwa madzi kapena kutha kwa mitengo, sipalephera kupezeka wina woonetsa zithunzi ziwiri za setilaiti, china chakale china chatsopano, ndipo anthu amagwedeza mitu poona kusiyana kwake. Ndi ochepa amene amafunsa ngati chasinthacho ndi mtsinje kapena ndi kamera yojambulayo. Funsoli lili ndi eni ake. Pali mabungwe, malamulo ndi anthu olembedwa ntchito amene tsiku ndi tsiku amayesa makamera omwe ali kale m'mlengalenga, ndipo nzika yofuna kugwiritsa ntchito zithunzizi ngati umboni iyenera kudziwa m'mene ntchitoyo imayendera.

Chithunzi chake ndi manambala

Masetilaiti awiri a dziko la America, Landsat 8 ndi Landsat 9, amauluka pa mtunda wa makilomita 705 kuchokera pansi. Aliyense amabwerera pamalo amodzi pakatha masiku 16, ndipo poti amasinthana, Kitwe amajambulidwa masiku 8 aliwonse, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Anzawo a ku Ulaya, otchedwa Sentinel-2, amauluka pa makilomita 786 ndipo amabwerera pa masiku 5 aliwonse. Zambia ilibe setilaiti yakeyake yojambula dziko, choncho zithunzi zambiri zomwe maofesi a boma, ophunzira ndi atolankhani amagwiritsa ntchito zimachokera ku makamera amenewa.

Kamera yotere imagawa dziko m'timabokosi. Pa Landsat kabokosi kamodzi ndi mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, malo okwanira nyumba zingapo za ku Ipusukilo pamodzi ndi zimbudzi ndi kanjira kapakati. Pa Sentinel-2 kabokosi kakang'ono kwambiri ndi ka mamita 10. Pa kabokosi kalikonse kamera imayeza kuchuluka kwa kuwala kwa dzuwa komwe nthaka yabweza kumwamba, ndipo imayeza mtundu uliwonse wa kuwala paokha: wabuluu, wobiriwira, wofiira, ndi mitundu ina yomwe maso a munthu saona, yotchedwa infrared. Chomwe chimatsikira pansi ndi nambala. Kamera ya setilaiti yakale ya Landsat 5 inkawerenga kuchokera pa 0 kulekeza pa 255. Ya Landsat 8 ili ndi masitepe 4,096, ndipo ya Landsat 9 ili ndi 16,384.

Chinthu chilichonse chimabweza kuwala mwa njira yake. Masamba amoyo amameza kuwala kofiira n'kubweza infrared wambiri. Madzi oyera amameza pafupifupi zonse, ndipo akadzala matope amayamba kuwala. Mulu wakuda wa ku Wusakile, womwe anthu amautcha Black Mountain, umabweza zochepa kwambiri, pamene malata atsopano amathobwa. Mapu a nkhalango, a madzi osefukira ndi a mbewu zofota amapangidwa kuchokera ku kusiyana kumeneku. Koma nambala payokha ilibe tanthauzo mpaka wina atanena kuti ikuimira kuwala kochuluka bwanji. Pamafunika masamu osandutsira nambala kukhala muyezo weniweni, ndipo kusunga masamu amenewo kuti akhale oona ndiyo ntchito yomwe tikukamba pano.

Wogula nyama pa msika wa Chisokone amadziwa kuti sikelo imatha kunama, n'chifukwa chake a Zambia Metrology Agency amayendera masikelo a malonda ndi mapampu a mafuta atanyamula miyezo yawo yodziwika. Kamera ya setilaiti nayo ndi sikelo, yoyeza kuwala. Vuto lake n'lakuti ikangonyamuka, palibe angaitsitse kuti aiyese pa tebulo.

Chifukwa chake kamera imasintha

Isananyamuke, kamera imayesedwa miyezi yambiri. Ya Landsat 8 inapangidwa ndi kampani ya Ball Aerospace ku Boulder, m'chigawo cha Colorado, ndipo anaiyesa ndi nyale zomwe kuwala kwake kunayerekezedwa ndi miyezo ya NIST, bungwe losunga miyezo la dziko la America. Tsiku lonyamuka, roketi imaigwedeza koopsa. Ikafika kumwamba imazungulira dziko pa mphindi pafupifupi 99 zilizonse, kulowa mumthunzi wozizira n'kutulukira padzuwa lotentha maulendo oposa 14 patsiku. Guluu ndi penti za m'kati zimatulutsa nthunzi yomwe imamatirira pa magalasi. Cheza cha dzuwa chimadetsa zoyera ndi kufooketsa timaso tamagetsi tolandira kuwala.

Kufookaku kumachitika pang'onopang'ono, mwina gawo limodzi pa 100 m'chaka kapena kucheperapo, koma masetilaiti amakhalitsa. Landsat 5 anamupanga kuti agwire ntchito zaka 3. Ananyamuka pa 1 Malichi 1984 n'kupuma mu 2013, atatha zaka pafupifupi 29. Munthu woyerekeza nkhalango za miombo zozungulira Kitwe mu 1986 ndi mu 2010, ngati sanachotsere ukalamba wa kamera, akhoza kuwerengera owotcha makala mlandu womwe mbali yake ina ndi ya galasi lothimbirira.

Malamulo a ntchitoyi amalembedwa setilaiti isanapangidwe. Kamera ya Landsat 8 siiloledwa kuphonya kupitirira magawo 5 pa 100 poyeza mphamvu ya kuwala, kapena magawo 3 pa 100 poyeza gawo lomwe nthaka yabweza. Oyang'anira kuti lamuloli likutsatidwa ndi akatswiri a NASA ndi a bungwe la USGS, omwe likulu lawo la zithunzi, lotchedwa EROS, lili pafupi ndi mzinda wa Sioux Falls ku South Dakota. Za Sentinel-2 zimayang'aniridwa ndi bungwe la ESA m'malo mwa European Union, pansi pa ndondomeko ya Copernicus.

Zoyesera zomwe setilaiti inanyamula

Choyesera choyamba ndi mdima. Landsat 8 ali ndi chotsekera chomwe chimaphimba kamera kuti akatswiri aone nambala yomwe imatuluka popanda kuwala kulikonse. Nambala imeneyo siikhala 0, chifukwa magetsi a m'kati amapanga kaphokoso kawo, ndiye imachotseredwa pa chithunzi chilichonse. Sentinel-2 amapeza mdima wake pojambula nyanja yaikulu usiku.

Chachiwiri ndi nyale. M'kati mwa kamera ya Landsat 8 muli magulu atatu a nyale. Gulu loyamba limayatsidwa tsiku lililonse, lachiwiri kawiri pamwezi, lachitatu kawiri pachaka. Anachita dala kuzisiyanitsa chonchi chifukwa nyale nayonso imatha. Kamera ikaonetsa kuti nyale ya tsiku ndi tsiku yazilala pomwe yosungidwa ija ikuwala monga kale, ndiye kuti yatopa ndi nyale. Zonse zikazilala mofanana, yatopa ndi kamera. Phunziroli linachokera pa Landsat 5, yemwe nyale zake zinayamba kusokoneza mpaka mu 2003 a USGS anasiya kuzidalira.

Chachitatu ndi dzuwa lenilenilo. Setilaiti ili ndi mbale zoyera ziwiri zomwazira kuwala. Pafupifupi sabata iliyonse mbale imodzi imaikidwa kutsogolo kwa kamera, setilaiti n'kutembenuka kuti dzuwa liiwombe. Popeza mphamvu ya dzuwa ndi yodziwika, ndipo kuyera kwa mbale kunayezedwa pansi, akatswiri amadziwa nambala yomwe iyenera kutuluka. Mbale inzake imakhala yobisika, kutuluka kawiri kokha pachaka, kuti izitsimikizira ngati yoyamba ija yayamba kuchita chikasu.

Chachinayi ndi mwezi. Kamodzi pamwezi, ukakhala pafupi kukhala wathunthu, oyendetsa setilaiti amaifulatitsa dziko kuti ijambule mwezi. Kumeneko kulibe mvula, mphepo, udzu kapena mlimi, kotero nkhope yake siisintha pa zaka mamiliyoni. Chimasintha ndi mbali yomwe dzuwa likuwomba komanso mtunda, ndipo izi a USGS anaziwerengera kale pojambula mwezi kwa zaka zingapo ku Flagstaff, m'chigawo cha Arizona.

Palinso mayeso ena ochititsa chidwi. Kamera ya Landsat 8 ili ndi timaso pafupifupi 7,000 pa mtundu umodzi wa kuwala, tondandalikidwa mopingasa njira yomwe setilaiti ikulowera. Kamodzi kakafooka kuposa tinzake, chithunzi chimatuluka ndi mzere. Pofuna kutifananitsa, nthawi zina amaitembenuza setilaiti cham'mbali ikamadutsa pa chipale cha ku Greenland kapena pa chipululu cha Sahara, kuti timaso tonse tidutse pamalo amodzimodzi motsatizana. Kosiyana ndi tinzake kamaonekera pompo.

Mboni za pansi

Zonse zomwe zili m'setilaiti zimakalamba limodzi nayo, choncho pamafunika mboni zakunja. Yapafupi kwambiri ndi Zambia ili ku Namibia. Pa chigwa cha timiyala pafupi ndi malo a kafukufuku a Gobabeb, m'chipululu cha Namib, mabungwe a ESA, CNES ya ku France ndi NPL ya ku Britain anaimika mlongoti wa mamita 10 mu 2017. Pamwamba pake pali makina omwe amayang'ana dzuwa, thambo ndi nthaka mosinthanasinthana. Kuchokera pamenepo akatswiri amawerengera kuwala komwe setilaiti yodutsa pamwamba iyenera kuona, pa mphindi 30 zilizonse kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Mwini setilaiti aliyense atha kuyerekeza nambala ya kamera yake ndi ya Gobabeb.

Malowa anasankhidwa chifukwa ndi osalala, ofanana mbali zonse, opanda zomera ndipo mitambo ndi yosowa. Ali m'gulu lotchedwa RadCalNet, lomwe linayamba ndi malo anayi: Gobabeb, Railroad Valley ku Nevada, La Crau ku France ndi Baotou ku China. Ziwerengero zake zinatsegulidwa kwa aliyense mu 2018. Gululi lili pansi pa CEOS, komiti yomwe mabungwe a zamlengalenga a mayiko osiyanasiyana anakhazikitsa mu 1984 kuti azigwirizana pa miyezo.

Kuli malo ena komwe kulibe makina ngakhale amodzi koma ndi othandiza chifukwa sasintha. Otchuka kwambiri ndi milu ya mchenga ya m'chipululu cha Libya yomwe akatswiri amaitcha Libya 4. Kamera ikaonetsa kuti mchengawo ukuderapo chaka ndi chaka, wokayikiridwa ndi kamera. Zithunzi za kumeneko zinathandiza kukonzanso masamu a Landsat 5 mu 2007.

Setilaiti yatsopano ikabwera, imayamba yayenda limodzi ndi yakale. Mu Juni 1999 Landsat 7 anauluka kunsi kwa Landsat 5 kwa masiku angapo, onse akujambula malo amodzi pa nthawi yoyandikana. Mu Novembala 2021 Landsat 9, yemwe ananyamuka pa 27 Sepitembala chaka chomwecho, anachitanso chimodzimodzi ndi Landsat 8, kwinaku magulu a akatswiri ali pansi ndi makina awo. Kupatsirana kumeneku n'komwe kumalola kuti zithunzi za Copperbelt kuyambira pa Landsat woyamba wa mu 1972 ziwerengedwe ngati mbiri imodzi.

Utsi wa Ogasiti ndi gawo la Zambia

Kamera ikhoza kukhala yolondola koma chithunzi n'kunamabe, chifukwa pakati pa setilaiti ndi Kafue pali mpweya. Aliyense wokhala ku Copperbelt amadziwa m'mene thambo limachitira mbuu mu Ogasiti ndi Sepitembala anthu akamatentha tchire. Utsi ndi fumbi zimamwaza kuwala, zimawalitsa madzi akuda ndi kuzimbaitsa nkhalango. Chithunzi chisanagwiritsidwe ntchito, makompyuta amayenera kuchotsa gawo la mpweya, ndipo masamu ochotserawo amafunanso kuyesedwa ndi miyezo ya pansi.

Apa ndi pomwe Zambia inathandiza dziko lonse. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ku Mongu kunaikidwa makina a gulu la AERONET la NASA, oyang'ana dzuwa n'kuyeza kuchuluka kwa utsi mumpweya. M'chaka cha 2000 kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa SAFARI 2000, yemwe cholinga chake china chinali kuyesa makamera a setilaiti ya Terra yomwe inanyamuka mu Disembala 1999. Makina oyeza utsi anaikidwa m'malo angapo a Zambia, kuphatikizapo Ndola, Solwezi ndi Senanga. M'nkhalango ya Kataba pafupi ndi Mongu munaimikidwa nsanja yopitirira mitengo, ndipo akatswiri a Zambia Meteorological Department anagwira ntchito limodzi ndi alendowo. Ku Botswana, gulu lina linayeza kuwala kwa chigwa cha mchere cha Sua Pan pomwe Terra ankadutsa. Zambiri zomwe akatswiri amadziwa za m'mene utsi wa moto wa tchire umamezera kuwala zinachokera ku miyezo ya m'madera amenewa.

Zikaphonyeka

Cholakwika chikapezeka, mabungwewa amalengeza, amakonza masamu, kenako amakonzanso zithunzi zonse zakale n'kuzipatsa nambala ya mtundu watsopano. A USGS amatulutsa masamu a kamera miyezi itatu iliyonse, ndipo mu 2020 anakonzanso nkhokwe yonse ya Landsat n'kuitcha Collection 2.

Zitsanzo zilipo. Kamera ya MODIS ya pa Terra inayamba kufooka pa kuwala kwabuluu mofulumira kuposa m'mene oyang'anira ankaganizira. Zotsatira zake, zithunzi zinkaonetsa ngati zomera za m'madera ambiri a dziko zikucheperachepera kubiriwira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 anagwira vutoli poyerekeza ndi kamera inzake ya pa setilaiti ya Aqua, ndipo zithunzi zitakonzedwanso, kufota kwina komwe kunkaoneka kunazimiririka. Landsat 8 nayenso anali ndi vuto lake. Kamera yake yoyeza kutentha inkalowedwa ndi kuwala kosochera kuchokera m'mbali, n'kumaphonya ndi madigiri angapo. A USGS anachenjeza anthu, anakonza masamu mu 2017, ndipo kamera ya Landsat 9 anaipanga mosiyana.

Pali msampha wina womwe ungakole wophunzira wa ku Copperbelt University lero lomwe. Pa 25 Januwale 2022 a ESA anasintha kakonzedwe ka zithunzi za Sentinel-2. Anawongola kamera ya Sentinel-2B ndi gawo limodzi ndi pang'ono pa 100 kuti igwirizane ndi ya setilaiti inzake, Sentinel-2A, komanso anayamba kuwonjezera 1,000 pa nambala iliyonse. Wogwiritsa ntchito amayenera kuchotsa 1,000 ameneyo asanagawe ndi 10,000. Tiyerekeze kuti kabokosi ka madzi a Kafue kali ndi nambala 1,500. Wowerenga bwino apeza kuti madzi abweza magawo 5 pa 100 a kuwala. Woiwala kuchotsa apeza 15, katatu kuposa zenizeni, ndipo akayerekeza ndi chithunzi cha 2021 chokonzedwa mwa kale adzalengeza kuti mtsinje wadzala matope pomwe palibe chachitika.

Chithunzi chikafika kuno

Kale zithunzizi zinali za olemera. Chimodzi cha Landsat 7 chinkagulidwa madola 600. Mu 2008 boma la America linatsegula nkhokwe yonse kwaulere, ndipo za Sentinel zakhala zaulere kuyambira pachiyambi. Aliyense wokhala ndi kompyuta ndi intaneti atha kuzitenga.

Ku Zambia, bungwe la boma loyang'anira ntchitoyi ndi National Remote Sensing Centre, lomwe linakhazikitsidwa mwalamulo mu 1999 ndipo lili pansi pa unduna wa sayansi ndi luso. Boma linamanganso siteshoni yolandirira zithunzi za setilaiti m'boma la Chibombo. Ofuna zithunzizi ndi ambiri. A ZEMA amalondola za kuwonongeka kwa chilengedwe, a WARMA amayang'anira mitsinje, dipatimenti ya zankhalango imawerengera mitengo yomwe yatha, ndipo a DMMU, omwe ali mu ofesi ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, amafuna mapu a madzi osefukira ndi chilala. Zambia ndi Malawi onse ndi mamembala a RCMRD, bungwe la mapu la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa lomwe lili ku Nairobi kuyambira 1975. Palinso Digital Earth Africa, yomwe inayamba mu 2019. Iyi imasonkhanitsa zithunzi zokonzedwa kale za Africa yense, ndipo ili ndi mapu oonetsa kuti kabokosi kalikonse kakhala kakupezeka ndi madzi kangati kuyambira 1984. Kwa khonsolo ya Kitwe, mapu otere atha kuonetsa malo a m'mbali mwa Kafue omwe madzi amabwererako kawirikawiri, anthu asanamangepo nyumba.

Nkhaniyi imakhudzanso ndalama. Alimi a pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi ya FISP akhala akulipira inshuwalansi ya nyengo, yomwe malipiro ake amadalira mvula yoyezedwa ndi setilaiti. Setilaiti yotere siona madontho. Imayeza kuzizira kwa pamwamba pa mitambo, ndipo akatswiri, monga a TAMSAT a ku University of Reading, amasandutsa kuzizirako kukhala mamilimita poyerekeza ndi zoyezera mvula za pansi. Zoyezera za pansi zikachepa kapena zikasiya kuwerengedwa, kuyerekezako kumafooka, ndipo wolira ndi mlimi.

Malawi anaziona m'nyengo ya 2015/2016. Boma linagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, chilala chinabwera, anthu oposa 6 miliyoni anafuna thandizo la chakudya, koma makompyuta a bungwelo anati ovutika ndi ochepa ndipo malipiro sanatuluke. Atafufuza anapeza kuti masamu ankawerengera chimanga chochedwa kucha, pomwe alimi ambiri anabzala chocha msanga, chomwe ng'amba inachipeza pa nthawi yoopsa. Atakonza, bungwelo linalipira madola 8.1 miliyoni kumayambiriro kwa 2017. Setilaiti inayeza bwino ndithu. Chinasowa ndi munthu wofunsa mlimi kuti wabzala mbewu yanji.

Zomwe nzika ingafunse

Lamulo la chilengedwe la 2011, Environmental Management Act, limapatsa aliyense wokhala mu Zambia ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi otetezeka, komanso mwayi wopita kukhoti ufuluwo ukaphwanyidwa. Lamulo la Access to Information, lomwe linasainidwa mu Disembala 2023, limalola nzika kupempha zikalata ku maofesi a boma. Choncho kampani, ofesi ya boma kapena bungwe lomenyera ufulu likabweretsa chithunzi cha setilaiti pamsonkhano wa wodi, a komiti ya chitukuko, akhansala ndi anthu wamba ali ndi poyambira kufunsa.

Funso loyamba ndi dzina la setilaiti ndi tsiku lomwe inajambula. Chithunzi chenicheni chimabwera ndi chikalata chake cholembapo zonsezi, ndipo chopanda tsiku si umboni. Lachiwiri, zithunzi ziwiri zoyerekezedwazo ndi za nyengo imodzi? Kafue wa mu Malichi ndi wa mu Okutobala amasiyana ngakhale popanda ngozi iliyonse, ndipo miombo imayoyola masamba m'chilimwe n'kuphukanso mvula isanagwe. Lachitatu, kodi gawo la utsi ndi mpweya linachotsedwa, ndipo zithunzi zonse ziwiri zinakonzedwa ndi masamu a mtundu umodzi? Lachinayi, kabokosi n'kakakulu bwanji? Pomwe mtsinje wachepa, kabokosi ka mamita 30 kamasakaniza madzi, bango ndi dimba, n'kutulutsa nambala yomwe siimira chilichonse mwa zitatuzi.

Funso lomaliza ndi lofunika kuposa onse: ndani anapita pamalopo kukatunga madzi? Kamera imaona mtundu wa madzi, matope, ndere ndi zomera zomwe zapsa m'mbali. Asidi, kopa wosungunuka ndi zitsulo zina zapoizoni kamera siiziona. Madzi akhoza kuoneka oyera kuchokera kumwamba koma ali akupha. Pa ngozi ngati ya Chambishi, chithunzi chimathandiza kuonetsa pomwe khoma linagumukira, njira yomwe matope anadutsa ndi minda yomwe inawonongeka, koma zoti madzi a m'chitsime ndi abwino kumwa zimadziwika ndi botolo lopita ku labotale.

Palinso malire ena omwe amakhudza Ipusukilo mwachindunji. Madzi amavuta m'dzinja, nthawi yomwe mitambo imaphimba Copperbelt masiku ambiri, ndipo Landsat ndi Sentinel-2 sapyola mtambo. Pa nthawi imeneyo akatswiri amatembenukira ku Sentinel-1, setilaiti ya radar yomwe imatumiza mafunde ake pansi n'kuyeza obwerera, usana ndi usiku, mitambo ilipo kapena palibe. Nayonso imayesedwa, pogwiritsa ntchito zitsulo za makona zoikidwa m'minda ya kummwera kwa Germany komanso nkhalango ya Amazon, yomwe imabweza mafunde mofanana chaka chonse. Koma radar imasokonezeka pakati pa nyumba zothithikana ndi malata, moti madzi a m'tinjira ta komboni atha kusaoneka pa mapu.

Apa anthu okhala pamalopo ali ndi zomwe akatswiri alibe. Mzere wolembedwa pakhoma la nyumba, sukulu kapena tchalitchi pomwe madzi analekezera, pamodzi ndi tsiku ndi ola, ndi muyezo womwe wopanga mapu angayerekeze ndi chithunzi cha tsiku limenelo. Chithunzi cha foni chosunga malo ndi nthawi chimagwiranso ntchito yomweyo. Komiti ya chitukuko ya wodi ikasunga zolembedwa zotere m'kope limodzi chaka ndi chaka, itha kuzipereka ku khonsolo ya Kitwe, ku ofesi ya DMMU ya m'boma, kapena kwa aphunzitsi ndi ophunzira a Copperbelt University, yomwe ili ku Riverside, pafupi ndi komboniyi.